A Laimoni Sankataya Dontho

Aliyense amene anakwerapo galimoto ya malemu a Laimoni kuchoka pa Boma kupita ku Magaleta akuuzani chinthu chimodzi: bambo aja ankayendetsa akumwa thobwa m'kapu yopanda chivundikiro, ndipo ankalumbira kuti chiyambireni sanatayepo ndi dontho lomwe. Ine ndikudziwa bwino chifukwa thobwalo linali langa. Ndine amake Mwayi, ndimagulitsa thobwa pa siteji ya Neno Boma, ndipo kapu yoyamba m'mawa uliwonse inali yawo.

"Dzazani, amake Mwayi. Kodi mukuopa chiyani?"

"Msewu, a Laimoni."

"Msewu umaopa ine!"

Galimotoyo inali ya anthu asanu ndi awiri, koma inkanyamula khumi ndi atatu, osawerengera nkhuku ndi matumba a kachewere. Amene anaipanga, kaya ankaganiza chiyani, anaika kabowo koikamo kapu pamwamba penipeni pa wailesi ndi mabatani onse. Mwina kwawoko misewu ndi yosalala ngati mbale. Kuno kwathu galimoto imayenda chodumpha, ndiye kapu ija inkavina ulendo wonse, thobwa n'kumatsetserekera m'timipata ta mabatani.

Tsiku lina a Stelia a ku Midzemba, amene anakhala kutsogolo, analephera kupirira.

"A dalaivala, thobwatu likutayika."

"Limenelo si thobwa, mayi. Ndi thukuta la kapu."

"Thukuta lokhala ndi chimera?"

"Kapu ya ku Neno imagwira ntchito yakalavulagaga," anatero a Laimoni, uku akupukuta ndi chipewa.

Patapita miyezi galimoto inayamba kupenga. Akakhotera kumanzere, hutala inkalira yokha. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mawaipa ankangoyamba kupukuta galasi louma. Kamuvi ka mafuta kanakakamira pa fulu, moti anthu anakankhapo galimoto pa chitunda a Laimoni akuwalozera dashibodi kuti, "Taonani nokha, mafuta ndi odzaza!" Choopsa chinachitika atanyamula anamfedwa kupita ku maliro. Azimayi ali mkati molira, wailesi inadziyatsa yokha n'kuyamba nyimbo ya pa chinkhoswe. Anakanikiza batani lililonse, koma inangokwezeka. Anafika pa siwa ndi gule, a Laimoni atatulutsa mutu pa windo akufuula, "Pepani! Si ine, ndi iyi!"

Tinkaseka, abale. Ine ndinkaseka mpaka kugwira nthiti.

Pa siteji pathu panalinso dalaivala wina, a Jailosi, munthu wosalankhulalankhula, amene anagwirako ntchito pa galaja ku Blantyre. M'mawa wina anasuzumira m'galimoto ya a Laimoni, n'kununkhiza, n'kuyang'ana kapu ija. Kenako anati, anthu akumva:

"Achimwene, mukapitiriza chonchi, muona."

Basi, mawu awo anali omwewo. Koma inu mukudziwa kulemera kwa "muona" kwathu kuno. Munthu akakuuza choncho, ukangopunthwa mawa, anthu amadziwa kale woyambitsa.

Patangotha masiku atatu galimoto inazima pa chitunda, magetsi onse thii, muli mayi wodwala wopita ku chipatala. Amene anatulukira pambuyo anali a Jailosi. Anatenga wodwalayo ndi ena onse n'kuwafikitsa pa Boma. Inu mukanati munthu wachita bwino, eti? A Laimoni anafika wapansi masana, fumbi lili mbuu, n'kuima pakati pa siteji.

"Ananena yekha kuti ndiona. Ndaonadi! Nanga pambuyo panga ankadikirira chiyani?"

A Jailosi anayesa kutchula za thobwa. A Laimoni anadzimenya pachifuwa.

"Ine? Kutaya? Funsani Neno yense!"

Neno yense ankadziwa kuti amataya, koma nkhani ya ufiti imakoma kuposa ya kapu. Anthu anasiya kukwera galimoto ya a Jailosi. Inkaima pa siteji tsiku lonse zitseko zili pululu. Akazi awo, a Modesta, akafika pa mjigo, azimayi ankachotsa ndowa zawo pa mzere. Ana awo kusukulu ankakhala okha pa benchi. Mvula isanagwe, banja lonse linasamukira ku Lisungwi.

A Laimoni anaitanitsa Herbert, mekaniki wa zamagetsi wochokera ku Blantyre. Galimoto inakokedwa n'kuikidwa kuseri kwa benchi langa, ndipo pamene ankatsegula dashibodi tinalipo atatu okha. Mayo ine, fungo lake! Ngati mtsuko wa masese woiwalika. Nyerere zinatuluka mizeremizere. Mawaya onse anali atamatirana mu nkhoko zakuda zokhuthala ngati chala.

Herbert anakanda ndi sikuludiraiva, n'kununkhiza.

"Mfiti yanu ndi iyi, bambo. Ndipo ili ndi shuga wambiri."

A Laimoni sanaseke. Anavula chipewa, anayang'ana nkhoko zija nthawi yaitali, kenako n'kuyang'ana ine.

"Amake Mwayi, zimenezi zithere pompano. Ku Lisungwi ndipita ndekha. Mawa."

Ndinavomera. Ndisanamizire ulemu wokha ayi. Ndinkaopanso kuti anthu aziti thobwa la amake Mwayi limapha galimoto, nanga m'mimba limatani?

Mawa lija silinafike. Tsiku lina akuti tayala, lina akuti mvula, lina akuti a Jailosi mwina apita ku Mwanza. Anthu akafunsa zimene Herbert anapeza, ankangopukusa mutu n'kunena kuti, "Zinthu. Zosati n'kunena pagulu." Anthu n'kumagwedeza mitu, poti aliyense anamva zimene ankafuna kumva. M'kabowo kaja anatsekamo sokosi, kapu n'kumaipana pakati pa ntchafu. Ankafika ku Magaleta buluku lili chonyowa malo osayenera, azimayi akubisa nkhope m'zitenje.

Koma ine ndinkaona kuti bambo aja sali bwino. Nthabwala zinalipo, koma akaima pa benchi langa maso awo ankathawa malo amene a Jailosi ankaimikapo galimoto. Tsiku lina, popanda wowafunsa, anangoti, "Ana a Jailosi aja akuti akuphunzira bwino kumeneko?" Ndinati sindikudziwa. Anasiya thobwa la theka n'kunyamuka.

Chaka chatha mu Juni, kukuzizira, anagwa pakhomo pawo akutsuka galimoto. Akuti BP. Pa maliro panadzaza anthu, ndipo aliyense anali ndi nkhani yake ya a Laimoni, moti abusa anachita kutidzudzula kuti tikuseka pa manda. A Jailosi sanabwere.

Patatha sabata ndinakwera ulendo wa ku Lisungwi. Ndinawapeza a Jailosi akumata machubu a njinga pansi pa mtengo. Galimoto anagulitsa kalekale. Ndinafotokoza zonse: nyerere, nkhoko, mawu a Herbert. Anamvetsera osasiya ntchito.

"Zimenezo ndinkazidziwa, mayi. Fungo linkachita kumveka pa windo." Anaviika chubu m'beseni. "Asanamwalire anatchulako dzina langa?"

Ndinafuna kunama, koma pakamwa panakana.

"Ayi, bambo."

"Chabwino. Iwowo anali ndi manyazi awo. Nanga inu, amake Mwayi, zaka ziwiri zonsezi munali kuti?"

A Modesta anandipatsa madzi akumwa, koma sanakhale nane pansi.

Nditabwerera ndinadikira tsiku la msika, siteji itadzaza. Ndinaima pa benchi langa n'kunena zonse mokweza, kuti a Jailosi sanalodze munthu, kuti galimoto ija inaphedwa ndi thobwa langa lomwe. Kenako wina anaphulika, ndipo siteji yonse inagwa nacho chiseko. "Koma a Laimoni! Eee, munthu uja anali wovuta!" Ena anapukuta misozi, ena anathamanga kukauza anzawo mumsika.

Masiku ano pa siteji pali zii. Madalaivala atsopano amamwa za m'mabotolo otseka, ndipo magalimoto awo amakhota mwakachetechete. A Laimoni ndimawasowa, ndisaname, ndipo ndimawakwiyirabe. Nkhani ya thobwa mu dashibodi tsopano ndi imene anthu amaikonda kuposa zonse, amachita kundipempha kuti ndiibwereze. Chiyambireni palibe ndi mmodzi yemwe amene wandifunsa njira ya kwa a Jailosi.