Tsiku Limene Mtambo Ananditengera Kuchigayo

Linali Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti, ndipo mboni zinalipo zisanu ndi ziwiri: amalume anga a Bwanali, akazi awo, ndi anansi asanu amene sanaitanidwe. Onse anakhala pansi pa mlambe kwathu kwa Nsamala kuti aone ine, mtsikana wa digiri ya ulimi wa ziweto, ndikukwera bulu.

Amalume anali ndi bulu wamng'ono wotuwa amene ndinamutcha Mtambo. Ankafuna kumugulitsa kwa anthu otuta njerwa, aja amene abulu awo amayenda ndi zilonda m'khosi, chikwapu chikulira kumbuyo. Mtima unandiwawa. Kodi chiweto chimene chimatisenzera madzi ndi chimanga, malipiro ake akhale ndodo? Ndinalonjeza kuti ndimuphunzitsa kunyamula munthu popanda kumumenya ngakhale kamodzi.

"Chabwino, adokotala," anatero amalume. "Mwezi umodzi. Mukamukwera n'kuzungulira mlambe uwu katatu, sapita. Mukalephera, a njerwa abwera ndi chingwe."

Mabuku athu amati chiweto chikachita bwino, chipatseni mphotho. Yanga inali gaga. M'mawa uliwonse ndinkapita ndi Mtambo kuchigayo, n'kumamudyetsa pomwepo m'manja makina akulira. Anavomera chingwe, anavomera thumba pamsana, kenako anavomera ine. Ndinayamba kulota ndili maso. Ndinkadziona ndikuwoloka Shire pa Liwonde, mpango ukuuluka, mapiri a Chikala akusendera pang'onopang'ono, amayi a kwa Mposa akutula mitolo ya nkhuni kuti andione bwino, ndipo amuna onse akutaya zikwapu zawo m'tchire mwamanyazi.

Tsikulo ndinavala chitenje chatsopano pamwamba pa thalauza. Ulendo woyamba tinazungulira ngati tikuyandama. Wachiwiri ndinakweza dzanja kubayibitsa anansi. Magetsi anali atathima kuyambira dzulo lake, ndipo pakati pa ulendo wachitatu anayaka. Kutali uko, chigayo chinalira.

Abale anga, munaonapo makutu a bulu akuima onse awiri nthawi imodzi? Mtambo anausiya mlambe uja ngati sanauonepo. Ndinakoka chingwe, ndinanyengerera, ndinamuitana ndi ulemu wonse, koma ayi ndithu, wophunzira wanga anali atamva belu la nkhomaliro. Chitenje chinatsala pachitsamba cha minga. Ndinamukumbatira m'khosi, miyendo ili lendelende, kumbuyo ndikumva amalume akufuula, "Gwiritsani digiri, adokotala!"

Pachigayo panali mzere wa amayi amene anadikira magetsi kuyambira m'mawa. Mtambo anaima mwadzidzidzi pa lichero la gaga. Ine ndinapitiriza ulendo ndekha, n'kukafikira chamutu m'beseni la ufa woyamba kutuluka.

Nditadzuka, ndili mbuu mpaka m'nsidze, mayi mwini ufawo anandiyang'ana modekha. "Iyayi, mwanangu," anatero, "mgaiwa umenewu ndimati ndikaphikire ana, sindimadziwa kuti a kuyunivesite mumadzola."

Amalume anafika pa njinga, misozi ikutsika ndi kuseka. "Awiri ndi theka si atatu," anatero. "A njerwa abwere."

Koma akazi awo, amene anatsika pa kaliyala atanyamula chitenje changa, anayang'ana Mtambo akutafuna gaga wa eni ake. "Bulu wodziwa yekha njira ya kuchigayo, mumugulitse? Chabwino. Thumba la chimanga muzisenza ndinu, bambo."

Nkhani ya njerwa inathera pomwepo. Mtambo alipo, khosi lake lilibe chilonda, ndipo mayi uja ufa wake ndinamubwezera. Ine ndinalumbira kuti sindidzakweranso bulu magetsi atathima, chifukwa sudziwa nthawi imene ayake.

Chatsala chimodzi. Mwa anansi asanu aja, wina anathamanga nafe njira yonse foni ili m'manja, ndipo kanemayo wafika mpaka kwa asodzi a ku Chiuta. Inu amene munajambula, mukudzidziwa. Ngati simufufuta, ikanimonso maulendo awiri oyamba aja, anthu aone kuti ndinayandamapo.