Zikomo Bwana, Nkhalango Yafika Pazenera Langa

Kwa Bwana Wamkulu Woona za Chimwemwe cha Alendi,
Kampani ya Nsanjika Zobiriwira.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada, ngakhale mawondo anga adathera pa masitepe a nyumba yanuyi. Ine ndine telala uja wa nsanjika ya pamwamba penipeni, amene mudamugwira dzanja tsiku lomwe mudabwera ndi ojambula kudzabzala zomera zoyanga pakhoma. Mwina simukundikumbukira, poti maso anu adali pa kamera. Tsikulo mudatiuza kuti munthu akamaona masamba mtima wake umakhala m'malo, ndipo amachedwa kukalamba. Ndalemba kukutsimikizirani kuti zomera zanu zili bwino zedi, zanenepa kuposa ife okhalamo. Mundilole ndithokoze mwandondomeko, monga muchitira inu ophunzira.

Choyamba, zikomo chifukwa cha mthunzi. Kale dzuwa linkalowa pazenera langa mopanda ulemu, osaodira n'komwe, n'kufika pa makina osokera mpaka ndinkaona bowo la singano. Zomera zanu zidalikhaulitsa. Lero masana dzuwa lili paliwombo, m'chipinda mwanga mumakhala mobiriwira ngati ndili m'botolo. Mkazi wanga akalowa ndimayamba ndamufunsa ngati wadwala, chifukwa nkhope yake imaoneka ngati tsamba. Mwina mudzati ndiziyatsa getsi. Ndimayatsa bwana, koma telala aliyense angakuuzeni kuti getsi limanama pa mtundu wa nsalu.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha alendo. Kale udzudzu sunkafika kuno, unkatopera panjira ngati mlamu wanga. Tsopano mwauikira makwerero ndi malo opumirapo. Mavu amanga, abuluzi aberekana, ndipo namwino wa khomo loyang'anana ndi lathu adapeza birimankhwe atakumbatira mswachi wake. Akuti kuthamanga kwa magazi ake komwe mudati kudzatsika kudakwera mpaka kudenga. Popeza chikepe chidafa kalekale, okwera mosavutika m'nyumba muno ndi abuluzi okha, ndipo timawasirira.

Chachitatu, zikomo chifukwa cha mvula. Mapaipi othirira zomera saphonya nthawi, ngakhale tsiku lomwe mpopi wa kukhitchini wauma gwa. Mkazi wanga amatchera ndowa pakhonde, ndipo banja lonse timasamba zotsala za maluwa mothokoza. Zingwe zoyanikira zovala mudachotsa poti zimaipitsa chithunzi. Zitini za mkazi wanga za tomato ndi anyezi nazo zidapita. Ife osaphunzirafe tinkayesa kuti tomato nayenso ali ndi masamba obiriwira, koma mlonda adatiunikira kuti kubiriwira kodyedwa sikuwerengedwa. Taphunzirapo kanthu.

Chachinayi ndiye chandigwiritsa cholembera. Mwana wanga wamkazi, chisamba changa, akukwatiwa mwezi wamawa. Adakana madiresi obwereka, adati adzavala losoka bambo ake basi. Ndidalisoka ndi mtima wanga wonse, pazenera lomweli. Titatsika nalo pansi kuti aliyese padzuwa, tidapeza kuti nsalu yoyera ndaisoka ndi ulusi wachikasu kuyambira pakolala mpaka m'munsi. Mkono wina udali woyera mbuu, wina wotuwa. Amayi ogulitsa zipatso pageti adaseka mpaka kugwira nthiti. Mwanayo naye adaseka mpaka misozi, koma ine ndine bambo ake, ndidaona kuti misozi ina siinali ya kuseka. Mtima udandiwawa, bwana. Ndakalambira pa makina, koma manyazi otere sindidawaonepo. Diresilo ndalimasula lonse, likudikira kusokedwanso, ndipo makina angawa ndi achitsulo, sindingatsike nawo masitepe pamsana.

Ndidatenga sizasi kuti ndidule tinthambi tomwe tatseka zenera, koma mlonda adandikumbutsa lamulo lanu lanzeru lija, loti wodula tsamba alongedze katundu. Wololedwa kudula ndi wosamalira maluwa yekha. Iyeyo ndi munthu wabwino, kungoti makwerero omwe mudamugulira amathera pa nsanjika yachiwiri, ndipo kulowa m'nyumba za alendi mudamuletsa. Amangoima pansi n'kundibayibitsa.

Ndamva kuti nyumba yathuyi ikalandira mphoto ya kukongola mwezi womwewo wa ukwati. Mpake! Odutsa pamsewu amaima n'kumajambula, pakamwa pali yasa. Akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyererezo ndife, bwana, ndipo tikupereka moni.

Pempho langa ndi laling'ono ngati mwini wakene. Mundilole ndiboole masambawa kabowo kongofanana ndi mbale, kuti dzuwa ligwe pa singano pokha. Kuchokera pamsewu sikadzaoneka, ndipo ukwati ukatha zomera zanu zidzakatseka zokha, poti ulesi zilibe.

Ngati zimenezi n'zosatheka, sindidandaula ayi. Ndingopempha ulemu umodzi: bwerani ndidzakuyezeni suti yaulere yokalandirira mphoto ija. Nsalu ya jekete, ya thalauza ndi ulusi womwe, ndidzasankha ndekha pa kuwala kumene mudandipatsaku, ndipo inu mulonjeze kuti mudzaivala pamaso pa makamera onse. Ngati kuwalaku n'kokwanira diresi la mwana wanga, n'kokwaniranso suti yanu.

Pobwera mulawirire, chikepe chikadapumabe.

Ine wanu wobiriwira ndi chimwemwe,

Telala wa pamwamba penipeni.