Phala la Pulagi ndi Tomato wa Apongozi

Abale inu, nkhaniyi ndikuuzeni ndekha isanakupezeni itathiridwa mchere ndi mlamu wanga, chifukwa iyeyo akaiyamba amachita kuimirira n'kumayerekeza mmene ndinagwera. Ine cholinga changa chinali chabwinobwino. Ndimangofuna kuti pulagi ya njinga yanga isamakakamire, basi.

Paja ine ndimagula nanazi kwa alimi n'kumakagulitsa ku Boma ndi ku Chitakale pa kanjinga kanga kamoto. Tsiku lina pulagi inakana kumasuka, ndinalimbana nayo mpaka thukuta kamukamu, ndipo potuluka inkalira ngati chitseko cha khola. Anyamata akabaza pa siteji anandiuza kuti alipo mafuta ena ake okhala ngati phala, umapaka pang'ono m'mazinga a pulagi, timizere tija tomangira, ndiye tsiku lomasula siivuta. Wina anati ndi ofiirira ngati waya wa kopa, wina anati bodza, ndi otuwa, anayamba kukangana okhaokha, ine n'kuchokapo ndi mitundu iwiri m'mutu koma dzina la chinthucho ndilibe.

Ndinalowa m'shopu ina ya masipeya pa Boma. Mwiniwake, bambo wina wojintcha, khutu lake linali pa wayilesi, mpira uli mkati. Ndinafotokoza ndi pakamwa ndi manja omwe: "Phala lija lopaka pa injini, losaopa moto." Iye osandiyang'ana n'komwe anangoloza pa shelefu. Panali kachubu kakang'ono kofiirira, kena kakang'ono kotuwa, ndi chichubu chachikulu chotuwanso, chojambulidwa malawi a moto patsogolo. Tsono inuyo mukanasankha chiti? Pulagi imakhala pamoto. Pachubu ajambulapo moto. Pamenepa pakufunikanso sukulu?

Ndinanyamula chachikulucho. Bamboyo pondikulungira anafunsa, maso akadali pa wayilesi: "Yabooka pati?"

Funso limenelo likanandipulumutsa. Ndikanangoti, "Chabooka n'chiyani, bambo?" nkhani yonseyi pakanalibe. Koma m'shopumo munali anthu, ndiye ndioneke mbuli? Ndinakweza chibwano n'kuyankha kuti, "Sinabooke. Ife timateteza zisanachitike." Anatembenuka kundiyang'ana koyamba, anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, nthawi yomweyo wayilesi inakuwa chigoli, bambo uja analumpha, n'kundiiwala.

Kunyumba nditafinya, phalalo linatuluka lolimba, la mchengamchenga, ngati simenti yokandira pansi. Ndinadzitonthoza kuti chinthu chabwino chimayenera kulemera. Anyamata aja anati pang'ono, koma ine ndinaona kuti "pang'ono" ndi mawu a anthu ogula timachubu ting'onoting'ono. Ndinapaka ngati majarini pa buledi wa mlendo, ndinamanga pulagi, ndinaponda kiki, njinga inalira bwinobwino. Ndinadziuza kuti anthu amangowaopa makaniko pachabe.

Zikanathera pamenepo bwenzi ili nkhani ya ine ndi njinga yanga. Koma Loweruka lake tinapita kwa apongozi anga cha ku Thuchila, ine ndi mayi a kunyumba, Esinala, amene amakatsala komweko masiku angapo kuthandiza amayi awo. Apongozi anga aamuna, a Makwinja, ali ndi dimba la tomato m'mbali mwa mtsinje, ndipo dimbalo limadalira kainjini kopopera madzi. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loti ngakhale phiri limaoneka ngati latopa, tomato atangoyamba kubereka. Ndinawapeza atagwada pa injiniyo ndi mlamu wanga Fanuwelo, akudandaula kuti imadetsa pulagi pafupipafupi, ndiye kuimasula kuti aipukute ndi nkhondo nthawi zonse.

Inu, mkamwini amene kwa apongozi amangodziwika ndi nanazi ndi kudya, akamva mawu ngati amenewo angakhale chete? Ndinatsokomola, ndinapita pa njinga, ndinabwera ndi chubu changa.

"Bambo, vuto limeneli latha lero," ndinatero. "Mankhwala ake ndi awa."

Ndinaphunzitsa kalasi yonse pamenepo, za mazinga, za dzimbiri, za kutentha, zina ndinazimva pa siteji, zina zinkangobwera zokha pakamwa. Ndinapaka mowirikiza kuposa pa njinga yanga, poti za apongozi sitiumira. Injini inalira masana onse, yotentha kuti juu, madzi akuyenda m'mizere ya tomato. A Makwinja anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Kani Esinala anakwatiwa ndi injiniya ife osadziwa." Tsiku limenelo inafa nkhuku, ndipo nthutumba inabwera m'mbale yanga.

Patapita masiku, ndili pa msika, foni. Fanuwelo.

"Alamu, injini yazima, pulagi ikukana kutuluka. Bambo akuti abwere mwini wake wa mankhwala aja."

Mukuganiza kuti ndinachita mantha? Ayi ndithu. Ndinati anthuwa akumasulira kolakwika. Ndinaponya chubu chija m'thumba la malaya, mwina pakafunika kuwonjezera, ndinanyamuka.

Ndinapeza tomato atazyolika masamba, ndipo eni madimba oyandikana nawo atasonkhana, poti mbiri ya injiniya inali itafika kale mpaka kutsidya. Ndinapinda malaya, ndinalowetsa sipanala, ndinakoka. Zii. Ndinakokanso mano ali gwa. Pulagi ili phee ngati inabadwira momwemo. Ndinati andipatse paipi yoti nditalikitsire sipanala. Fanuwelo anati, "Alamu, pang'onopang'ono," ine ndinati, "Mlamu, taimani uko muphunzire." Ndinaponda injini ndi phazi limodzi, ndinadzikoleka pa paipi thupi lonse, ndiye ndinangomva kuti thyoo!

Chimene ndikukumbukira ndi thambo. Ndinali chagada m'ngalande, matope mpaka m'makutu, mitengo iwiri ya tomato ili pansi pa msana wanga, theka la pulagi lili mu sipanala, theka lina latsalira mu injini ya apongozi. Mayi wina wa dimba la pafupi anati, "Kalanga ine, injiniya uja wagwa!"

Ndinadzuka mwachangu ngati zimenezi zinali m'dongosolo. "Musadandaule, bambo, ndithamangire pa Thuchila ndikatenge makaniko, ndi nkhani yaing'ono iyi." Ndinakwera njinga matope ali chuchuchu, ndinaponda kiki. Inatsokomola n'kuzima. Ndinapondanso. Inangoti fu. Ndinaponda mpaka sandasi inaduka. Wina m'gulumo anati mwina ndi pulagi, taimasulani tione. Ndipo ine, poti nzeru zinali zitatsalira m'ngalande muja, ndinatengadi sipanala pamaso pa anthu onsewo. Inunso mukudziwa kale zimene ndinapeza. Gwa! Injini ziwiri, dokotala mmodzi, onse odwala ali chikomokere.

Apa n'kuti Esinala atafika kuchokera kunyumba, atamva phokoso. Anatola chubu chija, chimene chinagwa m'thumba nthawi imene ndinkaona thambo, anachipukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kuchitembenuza. Ine kumbuyo kwa chubucho ndinali ndisanayang'aneko chigulire.

"Bambo a Tadala," anandiitana motsitsa mawu, "kodi pulagi imaoneka chonchi?"

Panali chithunzi cha paipi ya utsi ya galimoto, ekizozi, ili ndi chibowo, ndi dzanja likumata pachibowopo. Fanuwelo analanda n'kuwerenga mokweza, akumasulira liwu ndi liwu kuti aliyense amve: phala lomatira ekizozi yobooka, likatenthedwa limauma ngati mwala. Ndiye kuti masana onse aja pamene ine ndinkadya nthutumba, injini inali ikuwotcha njerwa. Mlamu wanga anaseka mpaka anakhala pansi, anaseka mpaka anayamba kupempha madzi.

A Makwinja okha sanaseke. Anavula chipewa, anayang'ana tomato wawo, anayang'ana ine. Kenako analowa m'kachisakasa ka m'dimbamo n'kutuluka ndi makheni awiri othirira.

"Bambo," anatero mofatsa, "tomatoyu za pulagi sazidziwa. Iye amadziwa madzi."

Injini inapita kwa makaniko pa njinga yakapalasa ya Fanuwelo, yanga yamoto ndinachita kukankha ndekha kukafika komweko. Makaniko anati chotsalira chija achita kuboola, ndipo tidikire. Ndi komweko ndinaona kachubu koyenera, kaja kofiirira, amangodonthezapo kochepa ngati mutu wa machesi. Tsono podikirapo, nanazi ndinaziiwala. M'mawa ine kumtsinje, madzulo ine kumtsinje, kheni uku kheni uku, kutsika ndi kukwera gombe, mapewa akuyaka, eni madimba akundipatsa moni waulemu kwambiri: "Mwadzuka bwanji, a injiniya?" Tomato anapulumuka, kupatula amene ndinamugonera uja.

Tsiku limene injini inabwerako, ndikumanga katundu kuti ndizipita, apongozi anga aakazi anatuluka. Iwo ndi ine sitiyankhulana maso ndi maso, mwambo wake ndi umenewo, choncho anaima chapatali atayang'ana ku mtengo wa mango, n'kumauza Esinala mokweza kuti ndimve:

"Tawafunsa amuna akowo ngati phala lija latsalako. Mbaula yanga yang'ambika, ndayesa zomatira zonse zakanika. Koma lawolo ndaliona ndi maso anga, likagwira lagwira."

Ndinapereka ndi manja awiri, nditagwada. Mbaulayo mpaka lero ili nganganga, ndipo amayiwo akuuza anzawo kutchalitchi kuti mkamwini wawo za injini ayi, koma pa mbaula palibe wina.

Ndiye ndalumbira, ndipo inu mukhale mboni: kwa apongozi sindidzakhudzanso chinthu chilichonse chokhala ndi waya kapena bawuti. Ngakhale tochi yawo itazima ine ndili pompo, ndidzangopinda manja n'kunena kuti, "Pepani bambo, kwada."