Atsikulija ndi Denga Lodontha

Apongozi anga aamuna anakonda gulu limodzi lokha loyimba kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo zaka zonsezo sanaliyamikirepo ngakhale kamodzi. Gululo linali Denga Lodontha, anyamata anayi oyimba nyimbo za roko, zija magitala ake amalira ngati munthu akucheka lata. Analibe kampani yowajambulitsa, analibe bwana. Ankayimba Lamlungu lililonse masana mu holo ya kuseri kwa galaja ya mabasi, ndipo apongozi ankakhala pamzere wachitatu, atavala jekete ndi tayi, pakati pa ana a majinzi ong'ambika m'mawondo. Zoyimba zikatha, ena onse akuomba m'manja, iwo ankaimirira pang'onopang'ono, kusasa jekete, n'kunena kuti, "Ayesetsa. Koma sizinafike pa tsiku lija."

N'chifukwa chake msewu wathu wonse unkawatcha Atsikulija.

Tsiku lijalo linali Lamlungu lina gululi litangoyamba kumene. Kunja kunkagwa chimvula, ndipo mu holo munali anthu atatu okha: apongozi, amene anangolowa kudzausa mvula, mlonda wa galaja, ndi chidakwa china chimene chinagona pabenchi. Mlondayo anamwalira kalekale, chidakwacho sichikumbuka kanthu, ndiye panalibe wowatsutsa. Nkhaniyo inkakula chaka ndi chaka ngati mwana wodya bwino. Poyamba ankati gitala inamuliza mlonda. Kenako mlondayo anachita kugwada. Pofika chaka chimene ndinakwatira mwana wawo, mabasi awiri amene anafa kalekale anali atalizako injini okha.

Ntchito yawo inali yokonza mawotchi. Kashopu kawo kanali kakang'ono moti kasitomala wonenepa ankalankhula ali panja. Khoma lonse linali mawotchi okhaokha, ndipo iwo ankakhala pansi pake atatsina kagalasi kudiso limodzi, akutokosa timawilo tating'ono ngati nthangala za mpiru. Ndiye ku holo ankapita ndi wotchi ya m'thumba ndi kabuku. Nyimbo ikayamba, adina. Ikatha, adinanso, alemba. Pamapeto ankakaima pakhomo lotulukira oyimba ngati wapolisi wapamsewu.

"Iwe wa ng'oma, tabwera kuno. Nyimbo ya Galu wa Aneba sabata yatha inatenga mphindi zinayi ndi masekondi khumi. Lero zitatu ndi theka. Umathamangira kuti?"

"Mkodzo unandipana, madala."

"Uziyamba wadzithandiza usanakhale pampando. Nyimbo si basi yoti uithamangire."

Ine ndinakumana nawo koyamba nditapita kukadzionetsera ngati munthu wofuna mwana wawo. Ndinali nditakonzeka kuyankha za ntchito yanga ya ukalaliki, za makolo anga, za ngati ndimamwa. Sanafunse chimodzi mwa zimenezi.

"Umamvera nyimbo zanji?"

"Zilizonse, bambo."

"Womvera zilizonse amadyanso zilizonse, amakwatiranso aliyense. Lamlungu ubwere uno."

Ndinapita nawo. Phokoso lake linali loti mabatani a malaya anga ankanjenjemera. Titatuluka, makutu akulira ngati muli njuchi, anandifunsa kuti ndaona bwanji. Ndinati zinali zabwino zedi. Anandiyang'ana ngati wotchi yabodza. "Gitala ya besi inali yophwa ngati tayala la njinga, iwe ukuti zabwino?" Anandiitananso Lamlungu lotsatira, ndi linanso. Ulendo wachinayi nditatopa n'kunama ndinangoti, "Woyimba uja anaiwala mawu pandime yachiwiri, n'kumangoti la la la." Titafika kunyumba anaitana mwana wawo n'kumuuza kuti, "Uyu ali ndi makutu. Mutenge."

Nkhondo yeniyeni inayamba pamene gululi linatulutsa chimbale chake, Bwerani Mawa, litachivutikira zaka zitatu, kujambulira m'chipinda chimene anachiphimba ndi matiresi. Otsatira gululi anagawikana pawiri, achimbale ndi aholo. Mtsogoleri wa achimbale anali neba wa apongozi, wogulitsa mankhwala, amene tinkawatcha a Dokotala ngakhale sanabayepo munthu jakisoni. A Dokotala anali asanapondepo mu holo muja, ankati makutu ali nawo awiri okha. Koma chimbalecho ankachidziwa pamtima. M'mawa uliwonse, aliyense ataima pakhomo la shopu yake, ankayambana.

"Achimwene, mwamvera nyimbo yachitatu ija? Mawu aliwonse akumveka mbee," ankatero a Dokotala.

"Mawu mukawerenge m'nyuzipepala. Chimbale chimenecho ndi nkhuku ya m'furiji. Yoyera bwino, yosendedwa bwino, koma siingakudzutseni m'mawa."

"Nanga ku holo kwanuko? Anthu anayi kukangana ndi magetsi."

"Kumeneko nkhukuyo ili moyo, imakujompha."

Tsiku lina mayi wina amene anabwera kudzagula mankhwala a mutu anadikira mpaka kutopa. A Dokotala anamupempha kuti aweruze mlanduwo. Anamuyimbira chimbale, apongozi n'kumuyimbira ndi pakamwa mmene zimamvekera ku holo, akumenya tebulo ndi sikuludiraiva. Mayiyo anati amuwonjezere paketi ina ya mankhwala.

Chodabwitsa n'chakuti chimbale chimene ankachinyozacho apongozi ankachiyimba m'shopu kuyambira potsegula mpaka potseka. Anakalambitsa makope atatu. Apongozi aakazi ankawafunsa kuti, "Inu abambo, chinthu choipacho mukuchimvereranji tsiku ndi tsiku?"

"Ndikufufuza zolakwika."

"Simunazipezebe?"

"Ndikuzipeza tsiku lililonse. N'chifukwa chake sindingasiye."

Achinyamata otsatira gululi anali ndi gulu lawo la pafoni, ndipo wina analakwitsa n'kuwaikamo. Kulemba pafoni sankatha, ndiye ankatumiza mawu. Uthenga umodzi unkatenga mphindi khumi ndi ziwiri, kumbuyo kukumveka mawotchi makumi anayi akugunda. Anawo ankadandaula, koma atangokhala chete masiku awiri chifukwa cha chimfine, atsikana awiri anabwera kushopu kudzaona ngati ali moyo.

Koma pakamwa pamapweteka. Lamlungu lina woyimba wa gululi, mnyamata wochepa thupi amene tinkamutcha Mtalitali, anawafunsa pamaso pa anthu kuti, "Madala, chimbale chathu chilibe ngakhale chimodzi chabwino?" Apongozi anayankha kuti, "Munachijambulira m'chipatala? Mulibe thukuta m'menemo." Anthu anaseka. Mtalitali sanaseke. Ife sitinkadziwa kuti makatoni a chimbalecho anali atadzaza kunsi kwa bedi lake, ndiponso kuti mkazi wake anali woyembekezera. Sabata yotsatira tinapeza holo ili yotseka. Mtalitali anasiya kuyimba, n'kukalowa ntchito yophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto.

Miyezi iwiri apongozi ankavala jekete ndi tayi Lamlungu masana n'kukhala pabalaza. Anamasula wotchi ya pakhoma imene inkayenda bwinobwino, n'kuimanganso, n'kuimasulanso. Chimbale sanachiyimbenso. A Dokotala anayesa kuwaputa, iwo ankangoti, "Mwina mukunena zoona." Apa m'pamene tinachita mantha.

Apongozi aakazi ndi amene anathetsa nkhaniyi. "Munawapha ndi pakamwa panupo. Pitani mukawadzutse ndi pakamwa pomwepo."

Vuto linali lakuti Mtalitali ankawathawa. Akawaona patali ankakhotera njira ina, foni sankayankha. Ndiye apongozi, ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu, asanagwirepo ngakhale chiwongolero cha njinga yamoto, anakalembetsa kusukulu yoyendetsa galimoto n'kunena kuti akufuna mphunzitsi wamtali uja. Ine ananditenga ngati mboni. Ndinakhala kumbuyo, nditamanga lamba mpaka kubanika.

Galimoto inkayenda liwiro loti mayi wina wosenza mtolo wa zovala anatipitirira kawiri.

"Pondani kalachi, madala," anatero Mtalitali, maso ali kutsogolo.

"Ndaponda. Ubwerera liti ku holo?"

"Imeneyo ndi buleki. Ku holo kukatani? Zaka khumi ndi zisanu mwakhala mukutiuza kuti sitinafike. Mwina sitidzafika. Pano munthu akaphunzira amandithokoza."

Galimoto inadumpha kawiri n'kuzima pakati pamsewu. Kumbuyo malole anayamba kuliza mahutala. Apongozi sanatekeseke. Anachotsa manja pachiwongolero n'kuwaika pamaondo.

"Mwana wanga, ine ndimakonza mawotchi. Munthu akandibweretsera wotchi yachabechabe ndimam'bwezera osaitsegula n'komwe, ndimamuuza kuti ili bwino, akagule batire. Imene ndimaitsegula kawirikawiri, kuitokosa, kuinena, ndi imene sindifuna kuti iime."

Mtalitali anatulutsa dzanja pawindo, kuuza malole aja kuti adutse.

"Nyimbo yachisanu ndi chiwiri ya pachimbale chija," anapitiriza apongozi, "chaka chatha akazi anga ali m'chipatala, madokotala atawalowetsa kokawang'amba, ine ndinakhala pabenchi maola asanu. Ndinaimvera kokwana makumi anayi."

"Ndiye mukuti ndi yabwino?"

"Sindinatero. Ndati ndinaimvera."

Mtalitali anaseka mpaka kugwetsa mutu pagalasi, ndipo atadzuka maso ake anali ofiira. Anawauza kuti alize injini. Analiza, n'kukagunda mgolo wa zinyalala umene unali kutali ndi msewu mamita asanu. Laisensi sanaipeze, ndipo sukulu ija inawapempha mwaulemu kuti asabwerenso. Koma patatha masabata atatu holo inatsegulidwa, iwo ali pamzere wachitatu ndi wotchi yawo, ndipo pamapeto pake anauza wa besi kuti miyezi yopuma ija zala zake zinanenepa.

Zinayenda choncho zaka zina zisanu ndi ziwiri. Anyamata aja anamera imvi, wa ng'oma anatuluka mimba, Mtalitali ankaphunzitsa galimoto mkati mwa sabata n'kumayimba Lamlungu. Sanatchuke. Wailesi inawayimbapo kawiri, kachiwiriko molakwitsa. Apongozi nawo makutu anayamba kugontha, mwina chifukwa cha mzere wachitatu womwewo. Anasamukira pafupi ndi sipika, n'kumaika dzanja pabokosi lake kuti azimva nyimbo ndi chikhatho. Kenako miyendo inayamba kutupa, mtima n'kumawavuta. Shopu ankatsegula masiku atatu pasabata, kenako limodzi.

Ulendo wawo womaliza ku holo tinawatengera panjinga ya olumala. Amene ankaikankha anali a Dokotala, atatseka makutu ndi thonje lochuluka moti ankaoneka ngati pilo wong'ambika. Kanali koyamba kulowamo. Nyimbo yoyamba itayamba anatseka maso ngati akuzulidwa dzino, koma sanatuluke.

Zitatha, apongozi sakanatha kukaima pakhomo paja. Oyimba onse anayi anatsika okha n'kuwazungulira, thukuta lili chuchuchu, ngati ana odikira zotsatira za mayeso. Apongozi anatulutsa wotchi. Ine amene ndinali pambali pawo ndinaona kuti anaiwala kuidina kuyambira pachiyambi. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Wa ng'oma," anatero ndi mawu otsika, "wathamanga."

Tsiku limenelo wa ng'oma anali ataimba modekha kuposa masiku onse, dala, chifukwa cha iwo. Anagwada pambali pa njingayo n'kunena kuti, "Zoona madala, ndathamanga. Ndikonza."

Apongozi anamwalira Lachinayi la sabata yomweyo, m'mawa, atangomaliza kumwa tiyi ndi kudandaula kuti wachepa shuga.

Titayamba kulongedza za m'shopu tinapeza timabuku khumi ndi kamodzi m'kabati, Lamlungu lililonse lili ndi tsamba lake. Apongozi aakazi anatipereka kwa oyimba aja. Oyimbawo anakhala pakhonde masana onse akuwerenga tsamba ndi tsamba, kufunafuna mawu amodzi okha owayamikira. Sanawapeze. Mtalitali anati akanawapeza akanadziwa kuti wina walembamo ndi dzanja lake.

Kashopu kaja pano amagulitsamo zikwama za mafoni. Wotchi ikafa mumsewu mwathu imangoponyedwa m'dirowa, ndipo ya patchalitchi yakhala ikunena kuti ndi naini koloko kwa miyezi isanu. A Dokotala amaimabe pakhomo la shopu yawo m'mawa, manja kumbuyo. Nthawi zina amandiimitsa ndikupita kuntchito n'kuyamba kuti chimbale chija n'chabwino kuposa za ku holo. Ndikavomera amakwiya. Ndikatsutsa amati sindikutsutsa bwino.

Denga Lodontha likuyimbabe Lamlungu masana, ndipo anthu achulukako masiku ano. Ine ndi mayi a kunyumba timapita kawiri pamwezi. Sabata yatha, zitatha, ndinapeza Mtalitali akukulunga mawaya yekha papulatifomu, anthu akumudutsa n'kumamugwira paphewa, aliyense akuti mwatha, mwatikwanira, lero ndiye lero. Ndinamuuza kuti anthu asangalala.

"Asangalala, inde," anatero, osasiya kukulunga. "Koma alamu, masiku ano aliyense amati tayimba bwino. Ndiye sitidziwanso ngati tayimba bwino."