Mlatho Umene Ukuonekabe Pawindo Lanu

Kwa Bwana Wamkulu Woyang'anira Misewu ndi Milatho,

Bwana,

Ndagwira mwendo wanu. Ine ndine wokonza mawotchi uja wa pakhonde la sitolo ya nsapato, tsidya lino la mtsinje. Ndalemba kuthokoza kalata yanu ya mwezi watha, imene mwanenamo kuti mwaunika zithunzi za mu ofesi mwanu ndipo mwapeza kuti mlatho wathu wa oyenda pansi ulipo, ngwolimba. Takondwa kumva zimenezi, poti ife tinkayesa kuti unapita ndi madzi zaka zitatu zapitazo.

Mayi wogulitsa makala pafupi nane akuti mwanama. Ndinawadzudzula, chifukwa mwana wanga wamkazi, wa kusekondale, anandiwerengera za m'buku lake la sayansi. Akuti kuwala nako kumayenda ulendo, sikufika pompopompo. Kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, komabe kochokera kudzuwa kumatenga mphindi zisanu ndi zitatu kuti kutipeze. Dzuwa litazima, tingapitirize kuyanika zovala mphindi zonsezo osadziwa kanthu. Kochokera ku nyenyezi yoyandikana nafe kumatenga zaka zinayi. Choncho chinthu chakutali timachiona mmene chinalili kale.

Apa m'pamene ndinakumvetsani, Bwana. Simunaname ayi, mwangotalikira. Ife tinkanamizidwa ndi basi, imene imafika pageti panu m'mphindi makumi awiri. Koma ngati kugwa kwa mlatho kwatha zaka zitatu kusanafike m'maso mwanu, ndiye kuti ofesi yanu yatsala pang'ono kupezana ndi nyenyezi ija. Tikukunyadirani.

Ndiloleni ndithokoze zinthu zitatu.

Choyamba, amisiri a penti amene munawatumiza chaka chatha kudzapenta mlathowo. Anapeza zipilala ziwiri zokha, china tsidya lino, china tsidya lina. Sanadandaule. Anapenta cha kunochi, kenako mmodzi anakwawa pa payipi ya madzi, chitini chili kukamwa, kukapenta chinacho. Zipilala zikuwala bwino.

Chachiwiri, chikwangwani choletsa kukwera njinga pamlatho. Ndikutsimikizireni kuti lamuloli palibe amene waliphwanyapo.

Chachitatu, payipi imene ndatchulayo, yomwe simunaichotse. Kukula kwake ndi ngati ntchafu ya munthu, ndipo ndi imene mwana wanga amawolokera popita kusukulu. Mlatho wa magalimoto uli kutali, ulendo wa maola awiri wapansi, pomwe geti la sukulu amatseka seveni koloko. Ndiye iye amavula nsapato n'kuzikoleka m'khosi, chikwama kumsana, manja tambasu. Ine ndimaonerera ndili pabenchi panga, wotchi ya mwini ili m'manja. Amatenga masekondi makumi asanu. Ndawerenga m'mawa uliwonse kwa zaka zitatu, ndipo m'masekondi amenewo sindipuma. Ndimachita mantha, Bwana. Mitambo yayamba kale kuda, ndipo payipi ikanyowa imaterera ngati sopo.

Sindikukufulumizitsani. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ife kudekha tili nako kokwanira kugawirako ena. Mkazi wanga yekha ndiye amavuta. Akuti m'buku muja analembanso kuti nyenyezi zina zinazima kalekale, ife tikungoona kuwala kwake, ndiye mwina ofesi yanu ili m'gulu lomwelo. Ndinamuuza kuti asamanyoze akuluakulu, poti kalata yanu inali ndi chidindo.

Pempho langa ndi laling'ono. Ngati mpata ulipo, bwerani Lolemba m'mawa ndi ana anu, mudzawoloke pamlatho mukuuonawo. Ife tidzaima tsidya lino kukuomberani m'manja.

Ngati ntchito yakuchulukirani, ndipempha china. Mwana wanga akadzaterereka dzinja lino, nkhaniyo idzatenga zaka zitatu kuti ikufikeni. Chonde mudzandisungire kampando pawindo la ofesi yanu. Sindidzasokoneza munthu, ndidzabwera ndi mawotchi anga. Ndikungofuna kuti zaka zitatuzo ndizidzamuonabe m'mawa uliwonse, atavala nsapato zake, akuwoloka pamlatho wanu wolimbawo.

Ine wanu wodzichepetsa, amene mudzamuona nthawi yake ikakwana,

Wokonza mawotchi wa tsidya lino.