Ndondomeko Yoti Ndisapite ku Blantyre

Lolemba, pa 1 Sepitembala

Lero ndayamba. Ndatenga rula ndi pepala lalikulu, ndipo ndajambula mizere monga ndinkajambulira ndondomeko ya maphunziro pa zaka makumi atatu ndi zinayi za uphunzitsi wanga. Dzanja silinaiwale. Mizere yawongoka.

Chifukwa chake ndichilembe pano, kuti pasadzakhale kutsutsana. Mwezi wathawu ndinachita chizungulire pamsika wa Migowi ndi kugwera pa mulu wa tomato wa mayi wina. Mwana wanga Agnesi, amene ndi namwino ku Blantyre, akuti chitisiyireni amayi ake chaka chatha sindikudzisamala, motero akufuna kunditenga ndikakhale kwake. Kumeneko ndinakhalako masiku asanu. Mpanda wa njerwa, geti lachitsulo, galu wosadziwa ulemu. Ukadzuka m'mawa, phiri la Michesi kulibe. Sindikufuna kupita.

Tapangana kuti ndisonyeze kuti ndingathe kudziyang'anira ndekha. Zolinga za mwezi uno ndi izi:

1. Kuwerenga masamba khumi patsiku.
2. Kulimbitsa thupi: dirilo m'mawa, kenaka kuyenda ndawala theka la ola.
3. Kulemba mbiri ya moyo wanga, tsamba limodzi patsiku.
4. Kusinkhasinkha. Ichi ndi cha Agnesi. Akuti ndizikhala chete, maso otseka, ndi kumapuma pang'onopang'ono kwa mphindi khumi ndi zisanu, kuti magazi asamathamange.

Chilichonse ndi malikisi amodzi patsiku. Agnesi abwera Lamulungu kudzayendera sabata yoyamba. Ndikapeza theka, nditsala ndi kupitiriza mwezi wanga. Ndikalephera, ndinyamula sutikesi. Muyeso wa thekawo ndauika ndine, ndipo ndasayina.

Dirilo ndachitira pabwalo, nditavala kabudula wa khaki amene ndinkavala pa tsiku la masewera. Manja m'mwamba, manja m'mbali, kugwira mawondo, popeza zala za kumapazi zatalikira. A Esinati, mng'ono wa malemu mkazi wanga, amene nyumba yawo yayandikana ndi yanga, anasuzumira pampanda nafunsa kuti, "Alamu, kodi linthumbu lakulowani?" Ndinangopitiriza. Munthu sayankhula ali pa dirilo.

Ndayenda mozungulira munda, ndawerenga buku langa lakale la jogalafe, ndalemba za kubadwa kwanga, ndakhala chete m'chipinda. Malikisi anayi pa anayi!

Lachiwiri, pa 2 Sepitembala

Kuzungulira munda si kuyenda. Lero ndatulukira kumsewu, nditavala jekete, tayi ndi chipewa, pakuti mphunzitsi wamkulu, ngakhale wopuma, saoneka pamsewu ngati wopita kudimba.

Ondiimitsa pa theka la ola:
Amayi atatu ochokera kumjigo. Moni wathunthu, mmodzimmodzi, pamodzi ndi ana awo.
Bambo wina wa imvi amene akuti ndinamphunzitsa Sitandade 6. Wandisonyeza khutu limene ndinkalikoka.
A kabaza anayi, aliyense akuti ndikwere ulere.
Che Saidi, telala wa pakhonde la golosale, amene anaimitsa makina nati, "Ahedi, kwagwanji? Tiuzeni tidziwe."

Ndinawafotokozera kuti kulibe chimene chagwa, ndikungoyenda. Anafunsa kuti ndikupita kuti. Ndinati sindikupita kulikonse. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandipatsa mpando.

Kuno munthu wovala tayi Lachiwiri m'mawa, woyenda mofulumira wopanda khasu kapena thumba, ndiye kuti wanyamula uthenga wa maliro. Ndimadziwa zimenezi kuyambira ndili mwana, koma polemba ndondomeko sindinaziganizire. Kudutsa munthu osavula chipewa sindingathe. Ndayenda mapazi osakwana mazana awiri.

Kale ndinkayenda patsogolo pa ana mazana atatu, wezulo ili pakamwa, fumbi likukwera, ndipo palibe amene ankafunsa kumene tikupita. Belu lathu linali chitsulo cha gudumu la lole chopachikidwa pamtengo wa mkuyu. Linkamveka mpaka kutsidya la mtsinje.

Kusinkhasinkha: ndinatseka maso nthawi ya 2 koloko, ndawatsegula 4 koloko. Kumeneku ndi kugona. Ziro.

Malikisi awiri.

Lachitatu, pa 3 Sepitembala

M'nyumba muli mdima, choncho ndatulutsa tebulo pakhonde kuti ndilembe bwino. Ndafika pa mutu wa sukulu yanga yoyamba, kufupi ndi Nyanja ya Chilwa. Ndinafikako pa njinga yobwereka, matiresi kumbuyo, ndili ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi. Kalasi inali yofolera ndi udzu. Ana ankabwera akununkha matemba, ndipo nthawi yoingitsa mbalame m'minda ya mpunga theka la kalasi linkasowa. Udzudzu wake sindinauonenso kwina.

Ndinali nditalemba mizere itatu pamene anthu anaona kuti ahedi akhala patebulo ndi cholembera.

Zimene ndalemba lero:
Kalata ya Che Saidi yopita kwa mwana wawo ku Joni, yomufunsa chifukwa chake foni yake sikulowa.
Fomu ya mdzukulu wa a Esinati yofunsira malo kusekondale.
Kalata ya mayi wina yopepesa kumpingo.
Mayina a komiti ya mjigo, mwaukhondo, kawiri.

Masamba anayi ndi theka, ndipo palibe limodzi lonena za ine. Ndalingalira ngati ndingadzipatse malikisi. Yankho ndi lakuti ayi. Mwana akayankha bwino funso limene silinafunsidwe, amapatsidwa ziro. Ndakhala ndikunena zimenezi moyo wanga wonse.

Kumsewu sindinapite. Dirilo yokha, ndipo ana asanu ndi awiri a oyandikana nawo anaima kumbuyo kwanga namanditsanzira. Mizere yawo inali yokhota, koma ndinadziletsa.

A Esinati abweretsa nyemba zija za kalongonda madzulo. Akuti aziwiritsa kuyambira dzulo, ndipo ndisayerekeze kuzisiya. Akutinso anthu kumjigo akufunsa ngati mutu wanga uli bwino.

Malikisi amodzi ndi theka.

Lachinayi, pa 4 Sepitembala

Tsiku lamanyazi.

Pofuna kupewa tulo ta Lachiwiri, ndaganiza zosinkhasinkhira panja, pansi pa mtengo wa mango, nditakhala pampando wouma. Msana wowongoka, manja pamawondo, maso otseka. Zinayamba bwino. Ndinamva njiwa, ndinamva mphepo ikutsika ku Michesi, ndipo ndinakumbuka mmene amake Agnesi ankapetera nandolo pansi pa mtengo womwewu, akung'ung'udza nyimbo ya kwaya molakwitsa mawu.

Kenaka ndinamva wina akuitana, "Alamu. Alamu." Sindinayankhe, chifukwa mphindi zinali zisanakwane. Uku ndiko kunali kulakwa kwanga. Ndinamva ndowa ikugwa, mapazi akuthamanga, ndiyeno kulira. Pamene ndinatsegula maso, a Esinati anali atandigwira mapewa akundigwedeza, amayi asanu ataima mozungulira, wina atamanga kale chitenje m'chiuno.

Ndinafotokoza kuti ndikutsatira malangizo a zaumoyo. A Esinati anati, "Munthu wamoyo amakhala choncho? Mukafuna kufa muzinena, tisese pabwalo."

Mawu anali atapita kale. Pofika masana kunabwera:
Akulu a mpingo awiri, kudzapemphera.
Che Saidi, ndi botolo la mafuta opaka.
Phala la mandimu, mbale zitatu, zochokera m'nyumba zitatu.
Amayi a komiti ya mjigo, amene anakhala pamkeka mpaka dzuwa kupendeka.

Wodwala sasiyidwa yekha. Ndi mwambo wabwino, ndipo ine ndakhalapo pamikeka yambiri yotere. Sindinadziwe kuti ngwolemera chotere kwa munthu amene sakudwala.

Agnesi waimba foni. Anthu anayi osiyana amuuza kuti bambo ake akomoka. Ndamutsimikizira kuti ndinkachita zimene iye mwini analamula. Anati tikambirana Lamulungu.

Ndinali nditawerenga m'mawa. Malikisi amodzi.

Lachisanu, pa 5 Sepitembala

Ndaganiza zochitira zonse m'nyumba, chitseko chotseka. Dirilo yatha msanga, chifukwa pa "manja m'mbali" ndamenya kabati ndi chigongono.

Ndatsegula buku la jogalafe pa tsamba la makumi anayi ndi limodzi. Chiswe chadya mitsinje yonse ya ku Asia. Potembenuza masamba kufunafuna pamene pali pabwino, pagwa kapepala kopindidwa panayi. Ndi kalata ya amake Agnesi, ya chaka chimene ndinapita ku kosi ya miyezi itatu ku Domasi. Analemba ndi pensulo. Akuti mbuzi yabereka awiri, denga la khitchini likudontha, Agnesi wamera dzino. Akuti ndisamachape malaya oyera pamodzi ndi masokosi. Pomaliza akuti pakhomo pakhala chete kwambiri, palibe wowakonza akalakwitsa kuyankhula.

Sindikukumbuka kuti ndinayankha kalatayi. Ndiyenera kuti ndinayankha. Ndinali munthu woyankha makalata.

Ndaiwerenga kakhumi. Tsamba limodzi lowerengedwa kakhumi si masamba khumi, ndipo sindidzinamiza.

Chitseko chotseka masana nachonso ndi chizindikiro cha matenda. Anthu agogoda kasanu. Kachisanu ndi chimodziko a Esinati sanagogode, anangolowa, nandipeza ndili ndi kapepala m'manja. Anazindikira zolemba za akulu awo. Sananene zachipongwe. Anakhala pampando winawo, ndipo tinakamba za denga la khitchini lija mpaka nkhuku kulowa.

Ziro pa zonse zinayi.

Loweruka, pa 6 Sepitembala

Ndawonkhetsa: asanu ndi atatu ndi theka. Ofunika ndi khumi ndi awiri. Lero ndiyenera kupeza onse anayi, ndipo ndayamba ndi chovuta.

Chaka chilichonse ndinkatenga ana a Sitandade 8 kupita nawo ku Fort Lister, kukaona makoma akale ndi kuwaphunzitsa za mpata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi. Tinkanyamuka m'mawa, aliyense ndi chinangwa chake chophika, ndipo ine ndinkafika woyamba. Ndaganiza kuti ndikafikeko lero, kuti Agnesi akamva asowe chonena.

Ndatulukira kuseri, kudzera m'minda ya chinangwa, kuti ndisakumane ndi wondipatsa moni. Ola loyamba linali lokoma zedi. Ola lachiwiri njira inayamba kukwera kuposa mmene inkakwerera kale. Kenaka bondo lamanzere linakana, mwaulemu koma motsimikiza.

Ndinakhala pamwala. Kuchokera pamenepo chigwa chonse chimaoneka, mpaka kumene Chilwa amanyezimira. Ndinatha kuloza sukulu zitatu mwa zisanu zimene ndinaphunzitsapo. Mitengo imene inali m'mbali mwa njirayi yatha. Ndinatchula mayina a ana a kalasi yanga yomaliza monga mwa kaundula, ndipo ndinafika pa chilembo M ndisanasokoneze.

Wandipeza ndi mwini ngolo wina wotsika ndi matumba a nandolo kupita kwa ogula ku Migowi. Anati, "Ahedi, kwerani, musachite manyazi, nandolo saulula." Nandolo sanaulule, koma ngolo inadzera pamsewu waukulu, pa tsiku limene aliyense ali panja. Ndinakhala pamwamba pa matumba, tayi ili m'khosi, ndikuvulira chipewa mbali zonse ziwiri.

Bondo latupa. Sindinawerenge, sindinalembe, ndipo kutseka maso ndikuopa. Kuyenda kokha ndiye ndayenda. Malikisi amodzi.

Onse pamodzi: asanu ndi anayi ndi theka pa makumi awiri ndi anayi. Cholembera chofiira chili pomwepa, ndipo ziro wa Lachitatu angasanduke chinthu china mosavuta. Ndinathamangitsapo mwana sabata ziwiri chifukwa cha mchitidwe wotere. Ndatseka cholembera.

Lamulungu, pa 7 Sepitembala

Kutchalitchi sindinapite, chifukwa cha bondo. Ndasita malaya, ndalongedza sutikesi, ndaiika pakhomo.

Agnesi wafika pa minibasi ya m'mawa. Ndampatsa pepala, ndipo pansi pake ndinali nditalemba kale ndi inki yofiira kuti "Walephera." Waliwerenga ataimirira. Wandipima magazi, wagwira bondo, nati ndi bwino tinyamuke 2 koloko kuti tikafike kusanade. Sindinatsutse. Ndinasayina ndekha.

Ndinapempha kuti ndikatsanzike kwa a Esinati. Sipanafunike, chifukwa anali akubwera kale, azibale awo aakazi atatu ali pambuyo. Anakhala pamkeka, nayang'ana sutikesi, nafunsa Agnesi kuti katunduyo ndi wa yani. Agnesi anafotokoza za pangano ndi za malikisi. A Esinati anati za malikisi sakuzidziwa.

"Bambo akowa anabwera pamudzi pano kudzakwatira akulu anga," anatero. "Akuluwo anapita, koma ife sitinawasudzule awa. Akali mkamwini wathu. Iwe ukuwatenga wapempha kwa yani?"

Agnesi anati ndi bambo ake. A Esinati anati palibe akukana, koma iyenso ndi mwana wa pamudzi pano, ndipo mwambo akuudziwa. Agnesi anati ndikhoza kugwanso. Iwo anati ndikagwa ndigwera pamaso pawo, monga ndakhala ndikuchitira sabata yonseyi, ndipo anafunsa kuti ku Blantyre adzandigwedeza ndani iye ali kuntchito. Anakambirana ola lathunthu. Ine, mwini nkhani, sindinafunsidwe kanthu.

Chigamulo ndi ichi. Nditsala. Mankhwala anga a kuthamanga kwa magazi azisunga a Esinati, ndipo ndizimwera pamaso pawo. Chakudya chamasana ndizidyera kwawo. Kabudula wa khaki waletsedwa. Ndikafuna kuyenda, ndizinena kumene ndikupita, ndipo azikhala malo enieni. Kukhala chete ndi kololedwa, koma pakhonde pawo, maso ali otsegula.

Motero ndapeza chimene ndinkafuna, ngakhale sindinachipeze mwa khama langa, ndipo zimenezi zikundivuta kuzilandira. Ndinalamulira sukulu zisanu. Lero ndakhala pansi pa ulamuliro wa mayi amene analekeza Sitandade 3.

Agnesi wakwera minibasi ya 2 koloko yekha. Sutikesi ndamasula. Mawa 7 koloko ndikuyembekezeka kwa a Esinati kukathandiza kusola nandolo, ndipo andichenjeza kuti ndisabwere ndi rula.