Mapuloni a ku Beira ndi Sipageti Yokana Kupsa

Pali chinthu chimene ndakhala ndikubisa kwa miyezi isanu, ndipo ngakhale bambo a Tadala sakuchidziwa. Lero ndichinena, chifukwa Khirisimasi yayandikira ndipo mtima sukundikhala m'malo. Chakudya chimene chinanditchukitsa kwa abale onse a mwamuna wanga, kuyambira ku Bangwe mpaka ku Nsanje, sindinaphike ndine.

Ndiyambe bwino. Mwamuna wanga, a Joni, ndi dalaivala wa thiraki, amayenda msewu wa ku Beira. Timakhala ku Kanjedza m'kanyumba ka chipinda chogona chimodzi ndi balaza. Mwana wathu Tadala atakwanitsa miyezi inayi, apongozi anga onse awiri anabwera kuchokera ku Nsanje kudzaona mdzukulu. Apongozi aamuna anatsika ndi kachikwama kamodzi. Apongozi aakazi anatsitsa zikwama zitatu, thumba la mpunga ndi pilo wawowawo. Nditaona piloyo ndinadziwa kuti pali nkhani.

Tsiku lachiwiri apongozi aakaziwo anam'gwira mwana wawo pamkono, n'kupukusa mutu.

"Joni, wawonda iwe. Atsikana a masatifiketiwa amaphika pafoni basi. Bambo ako abwerera Lolemba, ine nditsalako mpaka nditaona kuti m'nyumba muno anthu akudya."

Mpaka liti, sanatchule. (Satifiketi yanga ndi ya ulembi wa muofesi, sinalakwirepo munthu, koma kwa apongozi ndi imene imachititsa chilichonse, ngakhale chimfine cha mwana.) Chipinda chathu tinali titawapatsa kale, ife tikugona pabalaza, miyendo ya a Joni ikutulukira kukhitchini.

Tsono mufiriji munali mapuloni, tinkhanu ta m'nyanja ya mchere tija, amene a Joni anabweretsa ulendo wawo womaliza. Ndinati apa ndi pamene ndionetsere. Apongozi ankanyoza foni, ndiye aone zimene foniyo imatha! Ndinapeza vidiyo ya mayi wina wachizungu akuphika mapuloni ndi pasita. Abale anga, kukongola kwake! Adyo, tomato, mandimu, mapuloni akufiira m'poto. Ndinaonera kasanu ndikuyamwitsa, mpaka ndinaloweza ndi kagwedezedwe ka dzanja lake.

Panali kachinthu kamodzi kokha. Mayi uja pasita wake anakanda yekha ndi ufa watirigu ndi mazira, n'kumudula ndi kamakina, akadali wofewa n'kumuponya mumsuzi wa mapuloni momwemo. Mphindi zitatu, basi, n'kupakula. Ine kamakina ndinalibe, nthawi yokanda ndinalibe, mwana ali kumsana.

Loweruka m'mawa ndinakwera minibasi ya ku Limbe. Ndinalowa masitolo anayi kufunsa pasita wofewa, wongokandidwa kumene. Kwina anandisonyeza mandasi. Potsiriza ndinafika kwa Che Yusufu, bambo wachikulire amene timagulako mafuta ndi sopo. Ndinawaonetsa vidiyo. Anavala magalasi, n'kuonera mpaka kumapeto mwaulemu wonse.

"Amayi, uyu ndi sipageti yemweyu," anatero akutsitsa mapaketi awiri. "Wa mzunguyu wangonyowa. Wathuyu akalowa m'madzi anyowanso. Mavuto palibe."

Zinandimvekera zanzeru kwambiri. Ndinatuluka ndikumwetulira ngati ndapambana mayeso, ndipo m'minibasi ndinkangouza aliyense wondiyandikira kuti lero kwathu kuli chakudya cha ku Italy. (Kondakitala anati, "Ndiye mutiitane, madamu." Mwayi wake sindinamuitane.)

Nditafika kunyumba magetsi anali atazima. Sindinabwerere m'mbuyo. Ndinayatsa mbaula kuseri kwa nyumba, pafupi ndi kanjira kopita kuchimbudzi, n'kupereka Tadala kwa agogo ake pabalaza.

"Lero kuli chiyani?" anafunsa apongozi aakazi.

"Mungodikira, amayi," ndinatero monyadira. Lilime langali lidzandipha.

Poto wanga wokazingira ndi wamng'ono, choncho ndinagawa mapuloni pawiri, theka n'kusiya m'beseni. Chiyambi chinayenda ngati vidiyo yeniyeni. Fungo la adyo linafika mpaka kwa aneba. Ndinkavina pang'ono ndi chikombe m'manja. Kenako ndinatsegula paketi, n'kuimika sipageti yense mumsuzi, n'kuyang'ana nthawi pafoni.

Mphindi zitatu zinatha. Sipageti anali chiimire m'poto ngati tsache.

Ndinamukanikiza ndi chivundikiro, anathyoka, tizidutswa tina n'kudumphira m'makala. Ndinapereka mphindi zina zitatu. Msuzi unauma, pansi panayamba kununkha zopserera. Ndinathira madzi. Anamwa onse. Ndinathiranso, n'kukupiza moto ndi mbale mpaka maso kufiira. Nditalawa, kunsi kunali phala, pakati mphira, pamwamba pankalira kuti khwee m'mano ngati mpunga wosaphika. Nanga mapuloni! Aja anali onenepa ngati chala chachikulu anali atafota, kusanduka tinthu tolimba tonga zofufutira pensulo.

"Amake Tadala, tidya lero kapena mawa?" Anali mawu a apongozi aakazi kuchokera pabalaza. A Joni anali atapita kukatsukitsa thiraki, panalibe wondiikira kumbuyo.

"Pang'ono pokha, amayi!"

Ndinkaona kale pilo uja ali pabedi pathu mpaka Tadala atayamba sukulu. Misozi inayamba yokha, ndipo utsi si umene unachititsa.

Ndi pamene ndinamva kutsokomola kumbuyo kwanga. Apongozi aamuna, akupita kuchimbudzi. Tsono mumvetse: chikwatiwire ine ndi bambo amenewa tinali tisanalankhulanepo mawu opitirira moni. Ndimawapatsa madzi nditagwada, maso pansi, ndipo akamadya ine ndimakhala kwina. Ndinadzuka msanga n'kuima kutsogolo kwa poto kuti ndimubise ndi chitenje.

Iwo anaima. Ananunkhiza. Anatola paketi yopanda kanthu ija pansi n'kuitembenuza.

"Mayi, wouma uyu mwamuponya mumsuzi?"

"Eya, bambo. Ndi mmene anachitira pa vidiyo."

"Wa pa vidiyoyo anali ndi mazira, eti? Wofewa?"

Ndinavomera ndi mutu. Anasuzumira pakona ya nyumba kuona ngati kukubwera munthu, n'kuvula jekete, kulipachika pawaya wa matewera.

"Poto wamkulu. Madzi ambiri, mchere wodzaza dzanja. Fulumirani."

Abale anga, manja aja! Anyezi anasanduka mchenga ndisanaphethire. Akudula, ankalankhula chapansipansi: anagwira ukhukhi zaka khumi ndi ziwiri ku Sunnyside, kunyumba ya mzungu wina amene Lachisanu lililonse ankadya zimenezi. (A Joni anandiuzapo kuti bambo awo ankagwira ntchito m'tauni kalekale. Ine ndinkaganiza za ulonda.)

"Woumayu amafuna kusamba payekha m'madzi otentha, mpaka mukamuluma atsale ndi kamtima pang'ono. Mapuloni safuna kuchedwa pamoto, akangofiira achotseni. Inu munawakwatitsa tsiku lolakwika."

Paketi yachiwiri inalowa m'madzi owira. Theka la mapuloni lija linalowa m'chiwaya. Anatunga kapu ya madzi a sipageti n'kuthira mumsuzi, kufinyira ndimu, kenako anagwedeza chiwaya kamodzi, zonse n'kutembenuka m'mwamba n'kubwerera m'malo mwake. Mayi wa pa vidiyo uja akanaona akanapempha ntchito.

"Bambo a Joni!" anaitana apongozi aakazi. "Mwagweramo kodi?"

"M'mimba, mayi, m'mimba!" anayankha akuvala jekete. Kenako anatembenukira kwa ine, nkhope ili gwa. "Mwaphika ndinu. Mayi anuwa ndinawauza kuti ndinkatha kuphika pa chitofu cha azungu chokha, pamakala sindingathe. Zaka makumi atatu sindinagwirepo poto kwathu. Akadziwa, ndathera kukhitchini. Tamvana?"

"Tamvana, bambo."

Poto woyamba uja ndinamubisa m'ndowa ya matewera n'kuvundikira. Amphaka a m'dera lonse anachita msonkhano pamenepo mpaka madzulo.

Apongozi aakazi anayamba ndi kukankha chakudyacho ndi foloko ngati akufunamo mlandu. Analawa. Anapakulanso kachiwiri, kachitatu n'kupukuta mbale ndi chala. A Joni, amene anafika nthawi yabwino, ankandiyang'ana ngati andiona koyamba.

"Nanga inu bwanji simukuyamikira?" apongozi aakazi anawafunsa amuna awo.

"Mchere wachepa pang'ono," anatero bambo aja osakweza maso. Mchere wothira okha!

Lolemba zikwama zonse zitatu zinakwera basi, ndi pilo yemwe. Ndinagona pabedi panga n'kutambasula miyendo mbali zonse.

Koma nayi nkhani. Apongozi aakazi akhala akulengeza kutchalitchi kwawo kuti mkazi wa Joni amaphika zachizungu kuposa kuhotela. Sabata yatha anaimba foni: pa Khirisimasi tikapite ku Nsanje, a Joni abweretse mapuloni odzaza bokosi, ndikaphikire amayi a chigwirizano, iwo onse atakhala pamphasa kuonerera kuti aphunzire. Ndayeserera kawiri kunoko. Koyamba mapuloni anapsa bwino koma msuzi unali madzi. Kachiwiri ndinayesa kugwedeza chiwaya muja anachitira bambo aja, theka linagwera Tadala pamwendo (linali litazizira, musandiimbire foni).

Ndinapempha kulankhula ndi apongozi aamuna. Anangoti, "Madzi ambiri, mayi," n'kubweza foni kwa akazi awo.

Ndiye ndiuzeni, inu amene mwawerenga mpaka pano. Ndinalakwa kuvomera ulemu wa chakudya chimene ine ndinangotsukira mapoto? Ndikaulula, pilo uja abwerera ku Kanjedza, ndipo bambo wachikulire amene anandipulumutsa ayamba kusenda anyezi mpaka imfa. Ndikapanda kuulula, amayi a chigwirizano akundidikira pamphasa. Inuyo mukanatani?